Hang'ala ya sipiring'i: maliveti, kuwotcherera kapena mabawuti?

Moni nonse. Lero tili pagalaja ina kufupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima, pansi pa pikapu yakale imene yasenza mpunga ndi usipa mumsewu wa M5 kwa zaka zambiri. Mwini wake akuti ikangogwa m'dzenje, kumbuyo kumamveka gu! gu!

[Kamera iyandikire pa chasisi]

Chitsulo mukuonachi amakaniko amati hang'ala. Ndicho chimagwirizira mutu wa sipiring'i ku chasisi. Mbali ya kumbuyo kuli shakolo, imene imasewera kuti sipiring'i ikawongoka ndi katundu ipeze potalikira. Mbali ya kutsogolo, kumene kuli hang'alayi, sisewera ayi. Mukaponda buleki kapena kukwera chitunda, mphamvu yonse ya matayala a kumbuyo imadzera pa hang'ala imeneyi.

Musanagwire sipanala, yambani mwaona mmene anaimangira ku fakitale. Pa Toyota Hilux, chasisi ndi yotsekeka ngati bokosi, ndipo hang'ala anachita kuwotcherera. Pa Ford F-100 yakale, komanso malole ang'onoang'ono ambiri, chasisi ndi yotsegula mbali imodzi ndipo hang'ala inamangidwa ndi maliveti, timitu tozungulira topanda pogwira sipanala.

Bwanji maliveti? Chasisi yotsegula imapindika pang'ono galimoto ikamayenda m'mabampu. Liveti akalipanikiza limafufuma n'kudzaza bowo lonse, osasiya mpata wogwedera, ndipo lilibe nati yoti n'kumasuka.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo zimandiwawa ndikaziona. Liveti likayamba kugwedera, munthu amangothamangira kwa owotcherera kuti amate hang'ala ku chasisi. Moto uja umafooketsa chitsulo, makamaka mukawotcherera modutsa m'mphepete mwa chasisi, ya pamwamba kapena ya pansi. Mng'alu umadzayambira pambali penipeni pa chowotchereracho, galimoto itadzaza matola.

[Onetsani manja akugwira ntchito]

Njira yabwino nayi: chotsani malivetiwo, m'malo mwake muike mabawuti. Khazikani chasisi pa masitandi, osadalira jeke yokha. Dulani mutu wa liveti ndi gilayinda, koma samalani ndi thanki ya mafuta ndi mapaipi a buleki amene amadutsa pompo. Chotsalacho chikhomeni ndi nyundo ndi chitsulo chosongoka mpaka chituluke. Musaboole ndi moto wa gasi, bowo limakula n'kukhala lokhota.

Mukachotsa hang'ala, onani kuseri kwake. Matope a nthawi ya dzinja amakhala pamenepa osauma, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Palani mpaka chitsulo chiwale, mupake penti.

Tsopano mabawuti. Yang'anani nambala pamutu pake: 8.8 kapena 10.9. Lolembedwa 4.6, kapena lopanda nambala, ndi la geti ya pakhomo, osati la galimoto. Bawuti lilowe mothina m'bowo, likhale ndi mawasha olimba ndi nati yosamasuka yokha.

Bawuti lodutsa m'mabushi (mphira wa m'mutu wa sipiring'i) lokha musalimange kotheratu galimoto ili m'mwamba. Itsitseni iime ndi matayala ake kaye, apo ayi mphira umapotokola n'kung'ambika msanga.

Kenako tengani tepi, muyeze kuchokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Zikasiyana, galimoto iziyenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala. Mukapita ku Senga Bay n'kubwerako kangapo, lowaninso pansi ndi sipanala muone ngati manati akadali olimba.