Mmene mungayambire kubwereza pemphero la Gayatri m'bandakucha

Ndikupatsani moni nonse amene mukumvetsera m'mawa uno. Lero ndikufuna kukufotokozerani mmene munthu amayambira kubwereza pemphero lakale la Ahindu lotchedwa Gayatri, tanthauzo la mawu ake, ndiponso phindu limene eni chipembedzochi amati munthu amapeza akamalibwereza mokhulupirika. Amene muli ndi cholembera khalani nacho pafupi, chifukwa pali mawu ena a chinenero cha Sanskrit amene ndiwatchule pang'onopang'ono kuti muwalembe.

Pemphero lotere Ahindu amalitcha mantra, ndipo kulibwereza kambirimbiri amakutcha japa. Gayatri imapezeka mu Rigveda, limene ndi lakale kwambiri mwa mabuku anayi opatulika a Ahindu otchedwa Veda, ndipo lili ndi nyimbo 1,028 zoikidwa m'zigawo 10. Ndime yathuyi ili m'chigawo 3, nyimbo 62, ndime 10, ndipo mwambo wawo umati amene anailandira ndi wanzeru wakale dzina lake Vishvamitra. Nyimbozi zinapekedwa kumpoto chakumadzulo kwa India zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo kwa mibadwo yambiri sizinalembedwe paliponse. Zinkachoka pakamwa pa mphunzitsi n'kulowa m'khutu la mwana. Pofuna kuti ngakhale phatikizo limodzi lisasochere, aphunzitsi ankaloweza ana ndime imodzimodzi m'njira zingapo: kutchula liwu lililonse palokha, kutchula mawu awiriawiri, kenako kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo ngati munthu woluka mphasa. Bungwe la UNESCO linazindikira mwambo umenewu mu 2003 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Ndanena zimenezi poyamba kuti mudziwe kuti mawu amene mukufuna kuika pakamwa panu anasungidwa ndi thukuta la anthu ambiri, choncho sitiwathamangitsa.

Tsopano lembani. Mzere woyamba ndi wotsegulira: om bhur bhuvah svah. Kenako ikubwera mizere itatu ya ndime yeniyeni. Woyamba: tat savitur varenyam. Wachiwiri: bhargo devasya dhimahi. Wachitatu: dhiyo yo nah prachodayat.

Dzina lakuti Gayatri kwenikweni ndi dzina la kayalidwe ka ndakatulo, ka mizere itatu yokhala ndi maphatikizo 8 uliwonse, onse pamodzi 24. Mukawerenga mzere woyamba wa itatuyi, tat savitur varenyam, mupeza maphatikizo 7 okha, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi ena amatchula liwu lomaliza kuti vareniyam kuti akwane 8. Mukamva ena akutchula motero, musadabwe.

Tiyeni tilowe m'tanthauzo, popeza apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Liwu lakuti om limatengedwa ngati phokoso loyambirira limene zonse zinachokeramo. Buku laling'ono la Mandukya Upanishad, limene lili ndi ndime 12 zokha, limagawa om m'mamvekedwe atatu, a, u ndi m, kuyimira kukhala maso, kulota, ndi tulo tofa nato, ndipo chete amene amatsatira pambuyo pake ndiye mkhalidwe wachinayi umene mawu sangaufikire. Bhur ndi dziko lapansi, bhuvah ndi mlengalenga, svah ndi kumwamba. Savitur akutanthauza "wa Savitr", mulungu wa dzuwa amene amadzutsa zamoyo zonse ndi kuzituma ku ntchito zake. Varenyam ndi chinthu choyenera kuchilakalaka koposa zonse, bhargo ndi kuwala, devasya ndi "kwa mulunguyo", dhimahi ndi "tisinkhesinkhe". Dhiyo ndi maganizo, yo ndi "iye amene", nah ndi "athu", prachodayat ndi "asonkhezere" kapena "atsogolere". Tikaziphatikiza m'Chichewa tinganene kuti: tisinkhesinkhe za kuwala kopambana kwa mulungu Savitr, iye amene asonkhezere maganizo athu.

Taonani chimene pempheroli likupempha. Silitchula ng'ombe, silitchula ana, silitchula kugonja kwa adani, ngakhale kuti nyimbo zina za mu Rigveda zimapempha zimenezo. Likupempha nzeru yowala yokha basi. Ndiponso wopemphayo sakunena kuti "maganizo anga", akuti "maganizo athu". Munthu amakhala yekha pamphasa kunja kusanache, koma pakamwa pake akupempherera gulu lonse. Ine chimenechi ndi chimene chimandigwira mtima kwambiri pa ndime imeneyi, ndipo ndikupemphani kuti nthawi iliyonse mukafika pa liwu lakuti nah muzikumbukira anthu enieni: a m'nyumba mwanu, anzanu a kuntchito, ngakhale amene munasemphana nawo mawu dzulo.

Tibwere ku katchulidwe. Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pa zinthu ziwiri. Choyamba, khutu lathu linazolowera kamvekedwe ka mawu, pakuti timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika mwa kukweza kapena kutsitsa mawu basi. Mapemphero a Veda nawonso ali ndi kamvekedwe ka mitundu itatu, kotchedwa udatta, anudatta ndi svarita. Mabuku awo akale amasimba za mulungu wina dzina lake Tvashtr, amene anapempha mwana woti adzaphe mulungu mnzake Indra, koma anakweza mawu pa phatikizo lolakwika, moti pempho lake linatembenuka n'kutanthauza mwana amene adzaphedwe ndi Indra, ndipo zinaterodi kwa mwanayo, dzina lake Vritra. Nthanoyi aphunzitsi amaigwiritsa ntchito pochenjeza ana kuti asamanyozere kamvekedwe. Chachiwiri, timadziwa kale kusiyana kwa kuponya ndi kuphonya. Kampweya kamene mumatulutsa pa "pho" ndi komweko kamene muyenera kutulutsa pambuyo pa b mu bhur ndi bhargo, ndiponso pambuyo pa d mu dhimahi ndi dhiyo. Ikani chikhatho patsogolo pa pakamwa. Mukatchula bwino mumva kampweya kakugunda m'dzanja.

Komabe pali malo amene lilime lathu limatipunthwitsa. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, motero pakamwa pamafuna kunena "tati" m'malo mwa tat, ndi "prachodayati" m'malo mwa prachodayat. Amene anandiphunzitsa ine anandiimitsa pa liwu loyambali kwa m'mawa wathunthu. Ankakweza dzanja nthawi iliyonse ka "i" kakatuluka, mpaka ndinaphunzira kugunda lilime kuseri kwa mano a m'mwamba n'kulisiya pomwepo osatulutsanso mawu. Inunso chitani chimodzimodzi. Samalaninso ndi r, chifukwa ife timasinthanitsa r ndi l popanda vuto, koma kuno savitur ndi varenyam ziyenera kukhala ndi r womveka. N wa mu varenyam amatchulidwa nsonga ya lilime itapindikira m'mbuyo kukhudza m'kamwa m'mwamba. H wa kumapeto kwa bhuvah, svah ndi nah ndi kampweya kopepuka chabe. "Cho" wa mu prachodayat ndi wofewa ngati wa mu "chobvala" kapena "cholinga". Talikitsani "u" wa mu bhur, "i" woyamba wa mu dhimahi, ndi "a" womaliza wa mu prachodayat. Ngati n'kotheka, pezani munthu wodziwa kuti akumveni ndi kukukonzani, pakuti munthu sadzimva yekha zolakwa zake.

Za nthawi ndi malo ndinene mwachidule. Mwambo umatchula nthawi zitatu zotchedwa sandhya, kutanthauza pokumanira: m'bandakucha, masana dzuwa lili paliwombo, ndi chisisira. Woyamba asankhe m'bandakucha. Sambani, kapena sukusulani ndi kutsuka m'kamwa, yalani kamphasa pamalo aukhondo, ndipo khalani moyang'ana kum'mawa msana utawongoka. Amene miyendo imawavuta akhale pampando. Foni ikhale m'chipinda china. Musanatchule liwu lililonse, kokani mpweya ndi kuutulutsa pang'onopang'ono katatu.

Powerengera amagwiritsa ntchito chingwe cha mikanda chotchedwa mala, chimene chimakhala ndi mikanda 108, kawirikawiri ya mtengo wa tulsi kapena njere za rudraksha, kuphatikizapo mkanda umodzi waukulu wotchedwa meru. Amene munagwirapo korona kapena tasbihi simuvutika kumvetsa. Gwirani chingwecho ndi dzanja lamanja, chigone pa chala chapakati, ndipo muzikoka mkanda umodzi ndi chala chachikulu mukamaliza pemphero lonse kamodzi. Chala cha mkombaphala chisakhudze mikanda, chifukwa ndi chala cholozera anthu ndipo chimayimira kudzikuza. Mukazungulira n'kufika pa meru musaudumphe. Tembenuzani chingwe ndi kubwerera kumene mwachokera. Mukatchula mosathamanga, kuzungulira kamodzi kumatenga mphindi pafupifupi 20. Koma musayambire pa 108. Yambani ndi ka 10, ndipo ngati mulibe mikanda werengerani pa mfundo za zala.

Pali njira zitatu zobwerezera: mokweza mawu, monong'ona milomo yokha ikuyenda, ndi mumtima popanda kugwedeza mlomo. Buku la malamulo la Manusmriti limati kubwereza pemphero kumaposa nsembe ka 10, kunong'ona kumaiposa ka 100, ndipo kwa mumtima kumaiposa ka 1,000. Musathamangire cha mumtimacho chifukwa cha manambala amenewa. Munthu amene sanazolowere akayamba mwakachetechete, sipatenga nthawi maganizo ake ali kale kumsika kapena pa ngongole ya sukulu ya ana. Yambani mokweza kwa milungu ingapo kuti khutu lithandize mtima. Maganizo akathawa, ndipo adzathawa ndithu, musadzikwiyire kapena kuyambiranso kuwerenga. Bwererani ku phatikizo limene lili pakamwa panu nthawi yomweyo. Wanzeru wina wakale dzina lake Patanjali, m'buku lake la Yoga Sutra, polankhula za om anaika zinthu ziwiri pamodzi, kubwereza ndi kusinkhasinkha tanthauzo lake, ndipo lamulo limeneli ligwireni pa Gayatri yonse. Kubwereza ka 10 mukudziwa chimene mukunena kuli ndi phindu loposa kumaliza mikanda yonse mtima uli kwina.

Nanga phindu lake ndi lotani? Ahindu amati japa imatsuka mtima monga madzi amatsukira chikho tsiku ndi tsiku, imachepetsa mkwiyo ndi mantha, imanola nzeru yosiyanitsa chabwino ndi choipa, ndipo imamuyandikizitsa munthu kwa Mulungu. M'buku lawo lopatulika la Bhagavad Gita, chaputala 10, mulungu Krishna amadzitcha japa pakati pa nsembe zonse, ndiponso Gayatri pakati pa mitundu yonse ya ndakatulo. Zimenezi ndi za chikhulupiriro, ndipo amazitsimikiza ndi amene wazichita kwa zaka. Mbali ya thupi ndi imene madokotala anaiyezapo. Mu 2001 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wa Luciano Bernardi ndi anzake, amene anapeza kuti kunena korona m'Chilatini komanso kubwereza mantra ina kunkachepetsa kupuma kufika pa maulendo pafupifupi 6 pa mphindi, ndipo kugunda kwa mtima kunkayenderana bwino ndi mpweya. Ichi n'chifukwa china chimene ndikulimbikitsira kuti musathamange. Koma wodwala asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa wayamba japa.

Mwina wina akufunsa ngati aliyense ali ndi ufulu wonena pempheroli. Kale linkaperekedwa kwa anyamata a mitundu ina yokha pa mwambo wa upanayana, pamene mnyamata amavekedwa ulusi wopatulika ndipo bambo ake kapena mphunzitsi amamunong'oneza Gayatri m'khutu. Mabanja ena amasungabe mwambo umenewu mpaka lero. Koma gulu la Arya Samaj, limene Dayananda Saraswati anayambitsa ku Bombay mu 1875, linaphunzitsa kuti Veda ndi ya anthu onse, amayi ndi abambo omwe, ndipo masiku ano Ahindu ambiri amatsatira maganizo amenewo. Inu amene muli a chipembedzo china, dziwani kuti ili ndi pemphero lenileni kwa eni ake. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kulinena, kulimvetsa kokha n'kokwanira, ndipo kudzakuthandizani kulemekeza mnansi wanu Mhindu mukamumva akung'ung'udza m'mawa.

Kwa amene mwasankha kuyamba, ntchito ya mlungu uno ndi iyi: masiku awiri oyamba phunzirani mzere wotsegulira ndi mzere wa tat savitur varenyam, masiku awiri otsatira onjezerani bhargo devasya dhimahi, kenako mzere womaliza, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri munene pemphero lonse ka 10. Mukamaliza musadzuke msanga. Khalani chete mphindi imodzi kapena ziwiri manja ali pamaondo. Tsopano wongolani msana, kokani mpweya, ndipo tinenere limodzi mzere woyamba, ine patsogolo inu pambuyo: om bhur bhuvah svah.