Mawu a M'mawa: Dzanja Lovulala la Marlene Dietrich

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye. Lemba la lero ndi Miyambo 16:9, lomwe likutiuza kuti mtima wa munthu ulingalira njira yake, koma Yehova ndiye ayendetsa mapazi ake.

Pa 27 Disembala 1901, ku Schöneberg, dera limene lero lili mumzinda wa Berlin ku Germany, kunabadwa mtsikana dzina lake Marie Magdalene Dietrich, maina awiri amene mwini wakeyo anadzawalumikiza n'kukhala Marlene, dzina limene anadzatchuka nalo monga woimba ndi wosewera mafilimu. Bambo ake, omwe anali apolisi, anamwalira iye adakali wamng'ono. Mtima wake wonse unali pa vayolini, ndipo anaiphunzira zaka zambiri, mpaka pamene anavulala pamfundo ya dzanja, maloto odzakhala katswiri n'kuthera pomwepo. Mu 1922 analembedwa ntchito yoimba vayolini m'nyumba yoonetsera mafilimu opanda mawu, koma anamuchotsa patangotha masabata anayi. Nayonso sukulu ya zisudzo ya Max Reinhardt inamukana.

Chimene chimandikhudza ndi zaka zotsatirazo, pamene ankavina m'gulu la atsikana ambiri ndi kusewera tizigawo tating'onoting'ono, ali ndi mwana wakhanda pakhomo, popanda chizindikiro choti kunja kudzacha. Kunacha mu 1930, wotsogolera mafilimu Josef von Sternberg atamupatsa gawo la woimba mufilimu ya Der blaue Engel, imene inamutsegulira njira ya ku Hollywood, kuchimake kwa mafilimu ku America.

Maphunziro a vayolini aja sanapite pachabe. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atakana kubwerera ku Germany kukatumikira boma la Hitler, ankaimbira asilikali a America ndi anzawo kufupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo, ndipo nthawi zina ankatenga macheka odulira matabwa n'kuwaliza ndi uta monga muja ankalizira vayolini. Dzanja lomwe lija linatonthoza anyamata amene ambiri mwa iwo sanabwererenso kwawo.

Sindikumuika Marlene pa mndandanda wa oyera mtima, pakuti iye mwini ananena kuti zoopsa za nkhondo zinamuchotsa chikhulupiriro, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Komabe Mulungu amawalitsa dzuwa lake pa onse.

Tipemphere. Atate, tikukumbukira m'mawa uno mlongo amene wachotsedwa ntchito mwezi usanathe, ndi m'bale amene thupi lake lakana ntchito yomwe anaiphunzira kuyambira ubwana. Apatseni mphamvu zodzukira lero, m'dzina la Yesu. Ameni.