Makalata a omvera: Mlandu wafika, ndalama ya loya palibe

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Makalata ambiri a sabata ino akufunsa chinthu chimodzi: munthu wamangidwa kapena walakwiridwa, ndalama yolipira loya alibe, apite kuti? Mayina sititchula chifukwa ina mwa milanduyi ikadali kukhoti. Ndipo poti malamulo amasiyana dziko ndi dziko, pamene pali masiku ochita kuwerenga ndizinena kuti ndi a dziko liti.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina.

"A muulutsi, mwana wanga wa zaka 23 anamangidwa pomuganizira kuti anathyola nyumba. Lero ndi tsiku lachisanu ali m'chitokosi ndipo kukhoti sanapite. Pali munthu wina amene amakhala pageti la polisi, akuti ndimupatse ndalama andipezere loya ndi belo yomwe. Kodi n'zoona kuti kuli maloya aulere?"

Bambo, ndalama imeneyo musatulutse. Munthu wodikirira anthu pageti n'kumalonjeza belo ndi dobadoba, alibe mphamvu yotulutsa aliyense. Ku Malawi belo ya kupolisi salipira. Ya kukhoti nthawi zina imafuna ndalama yachikole, koma imeneyo imaperekedwa ku ofesi ya khoti, amakupatsani lisiti, ndipo mlandu ukatha imabwezedwa ngati woimbidwa mlanduyo sanajombe. Lisitilo mulisunge bwino, popanda ilo mudzavutika poitanitsa ndalama yanu.

Masiku asanu achuluka. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti silitsegula, apite tsiku loyamba lotsegula. Ku South Africa nakonso ndi maola 48. Lembani tsiku ndi ola limene anamangidwa, mukafunse mwaulemu kwa mkulu wa polisiyo chimene chikuchedwetsa, kenako mupite ku ofesi imene boma linaika kuti izithandiza anthu osowa pa milandu. Ku Malawi ndi Legal Aid Bureau, yomwe inabwera ndi lamulo la mu 2011. Ku Zambia ndi Legal Aid Board. Ku South Africa ndi Legal Aid South Africa. Ku Mozambique ndi IPAJ.

Koma si mlandu uliwonse umene umapatsidwa loya. Pangano la United Nations la mu 1966 lokhudza ufulu wa anthu, m'gawo 14, limati woimbidwa mlandu amene sangathe kulipira apatsidwe loya ngati chilungamo chikufuna kutero. N'chifukwa chake mlandu wakupha, kapena wina woti munthu angakakhale kundende zaka zambiri, umaikidwa patsogolo, pamene wa chindapusa chochepa mwina angokupatsani malangizo basi. Kuthyola nyumba si mlandu waung'ono, ndiye kapempheni mopanda mantha.

Mukamuona mwana wanu mumuuze kuti ali ndi ufulu wokhala chete kufikira atalankhula ndi loya, ndipo asasayine pepala limene sanaliwerenge kapena limene sanamuwerengere m'chilankhulo chimene amamva. Akafika pamaso pa majisitireti anene yekha kuti akufuna loya koma alibe ndalama, kuti mawuwo alowe m'fayilo ya mlandu. Chimene chimapweteka anthu ambiri ndi kunong'onezedwa kuti "ingovomera, utuluka msanga". Munthu ukavomera, mboni siziitanidwanso, chotsala ndi chilango, ndipo kudzabweza mawuwo pa apilo n'kovuta zedi. Inu mbali yanu konzekerani anthu omuimira pa belo, kawirikawiri amafuna awiri, okhala ndi ziphaso ndi malo okhala odziwika.

Yachiwiri ndi ya mayi wina, ndipo aoneka kuti akwiya nafe pang'ono.

"Munanena pa pulogalamu yanu kuti thandizoli ndi laulere. Ndinapita ndi nkhani ya malo anga amene woyandikana naye walowerera, koma anayamba kundifunsa za malipiro anga, katundu amene ndili naye, mpaka akuti mwina ndidzasonkhako kangachepe. Ulere wake uli pati?"

Mayi, sanakupusitseni, ndi mmene maofesi amenewa amagwirira ntchito pafupifupi kulikonse. Amaunika ziwiri. Choyamba ndi kapezedwe kanu: zimene mumalandira pamwezi, anthu amene mukuwasamalira, katundu amene muli naye. Wosowa kwenikweni salipira, wopezako pang'ono angauzidwe kusonkha gawo, wopeza bwino amabwezedwa kuti akadzipezere loya wake. Chachiwiri ndi mlandu weniweniwo, ngati uli ndi mutu. Pa milandu ya malo, ngongole kapena banja, salola kuti loya athere miyezi pa nkhani yooneka kale kuti ikagwa.

Palinso china chimene anthu sauzidwa msanga. Chaulere kwenikweni ndi ntchito ya loya, koma mlandu uli ndi zolipira zina: kulembetsa zikalata kukhoti, kukapereka masamoni kwa amene mukumusumira, ulendo wa mboni zanu, lipoti la dokotala kapena la woyeza malo. Funsani tsiku loyamba lomwelo kuti pa zimenezi ofesi ilipira ziti, inu mulipira ziti. Dziwaninso kuti m'makhoti ambiri wogonja pa mlandu wotere amalamulidwa kubweza zimene mnzake wawononga pa mlanduwo. Loya wachilungamo amakuchenjezani zimenezi musanasume.

Pobwerera kumeneko mutenge chiphaso chanu, umboni wa kapezedwe kanu, ndi pepala lililonse lokhudza malowo: logulira, malisiti, makalata amene munalemberana, zithunzi za malire, mayina a mboni ndi manambala awo a foni. Apatseni makope, zenizenizo zikhale ndi inu. Akakutsegulirani fayilo mulembe nambala yake ndi dzina la amene akuyendetsa nkhani yanu, ndipo muzipitako kukafunsa. Maloya a m'maofesi amenewa ndi ochepa, aliyense wasenza mafayilo ambirimbiri, ndipo fayilo imene mwini wake safunsa imatsalira pansi. Akakukanani, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake ndi kukuuzani kumene mungakadandaule. Nthawi zina vuto silikhala inu ayi: ngati mnzanuyo anafika kale n'kupatsidwa loya, loya yemweyo sangaimire nonse awiri, ndiye muwapemphe akupezereni wina kapena akulozereni kwina.

Achimwene awa alemba chonchi:

"Abwana anandichotsa ntchito miyezi iwiri yapitayo osandiitana kuti ndiyankhepo pa zimene amandinena. Ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti chaka chamawa ndidzapeze loya wamphamvu. Paja akuluakulu anati mlandu suwola."

Achimwene, kukhoti mlandu umawola ndithu, ndipo wa ntchito ndiye suchedwa. Simunatchule dziko limene muli. Ngati ndi ku Malawi, lamulo la ntchito la mu 2000 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku leba ya m'boma lanu, ndiye mwatsala ndi mwezi umodzi. Ngati ndi ku South Africa, dandaulo limapita ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ogwira ntchito ndi mabwana awo, pasanathe masiku 30. Amenewo adutsa kale, komabe mungathe kupempha kuti akulandireni mochedwa mutafotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo mukamazengereza pempholo likunka lifooka.

Poyambira pamenepa loya safunika n'komwe. Ku leba amaitana abwana anuwo n'kuyesa kukuyanjanitsani, zikakanika nkhani imapita ku khoti la za ntchito, lomwe ku Malawi ndi Industrial Relations Court. Mafunso amakhala awiri: kodi panali chifukwa chomveka chokuchotserani, nanga munapatsidwa mpata wodziteteza? Pa lamulo la ku Malawi, wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwacho. Tengani kalata yokulembani ntchito, mapepala a malipiro, kalata yokuchotsani ndi mauthenga a pafoni okhudza nkhaniyi. Ngati anangokuuzani pakamwa, alembereni kalata yopempha kuti akupatseni zifukwa molemba, kope yake musunge. Musasayine pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso musanawerengetse ndi munthu wodziwa. Ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito, auzeni lero, kuimira mamembala ndiyo ntchito yawo.

Malire a nthawi ali pa milandu inanso, omvera. Ku Malawi, wa ngongole kapena wa kuphwanya pangano uli ndi zaka 6, wa kuvulazidwa zaka 3. Ku South Africa ngongole zambiri zimafa pakatha zaka 3. Ndipo ngati amene akukuzunzani ndi ofesi ya boma, monga kuchedwetsa penshoni popanda chifukwa, kuli Ombudsman ku Malawi ndi Public Protector ku Zambia ndi ku South Africa. Kumeneko dandaulo salipiritsa.

Iyi ndi yaifupi, yochokera kwa achemwali ena.

"Ndinalandira masamoni a ngongole imene ndinabweza kale theka. Poti ndilibe loya ndinangowasunga m'chikwama. Ndalakwitsa?"

Mwalakwitsa, achemwali, koma mwina nthawi ikadalipo. Pa masamonipo palembedwa tsiku loonekera kukhoti kapena masiku oti muyankhe. Mukakhala chete khoti limagamula ngati kuti mwavomera ngongole yonse, chotsatira ndi masherifu kudzalanda katundu. Mawa lomwe pitani kwa kalaliki wa khotilo ndi masamoniwo pamodzi ndi malisiti a zimene munabweza. Kalaliki saloledwa kukulangizani za mlandu, koma amakuuzani fomu yodzaza ndi tsiku lake. Ngati chigamulo chaperekedwa kale, pali pempho loti chichotsedwe, mukasonyeza chimene chinakulepheretsani kuyankha komanso kuti muli ndi poyankhira. Milandu ya ndalama zochepa anthu amadziyankhulira okha pamaso pa majisitireti. Ku Zambia ndi ku South Africa kuli makhoti a milandu yotereyi kumene maloya saloledwa kuimira munthu.

Tsopano kalata imene ndikudziwa kuti yalankhulira ambiri.

"Ine ndili pantchito. Ku Legal Aid anati ndimapeza bwino, koma kwa loya wa payekha mtengo unandithawitsa. Ife apakatikati titani?"

Bambo, kulakwitsa kwa ambiri n'kuganiza kuti loya amatengedwa kuyambira tsiku loyamba mpaka chigamulo. Mungathe kulipira kukambirana kamodzi kokha kuti akuuzeni ngati nkhani yanu ili ndi mutu, malire ake a nthawi, ndi khoti loyenera. Mungalipire kuti akulembereni kalata yoitanitsa chanu, kapena kuti akuwerengereni pangano musanasayine, zotsalazo n'kuyenda nazo nokha. Nkhani zambiri zimathera pa kalata imodzi yolembedwa bwino. Poti maloya ambiri amawerengera nthawi, fikani mutalemba nkhani yanu pa tsamba limodzi motsatira masiku, mapepala ali mundondomeko yomweyo, ndipo munene chimene mukufuna kwenikweni, kaya ndi ndalama, katundu, kapena kuti mnzanuyo aleke zimene akuchita. Munene zonse, ndi zokuchititsani manyazi zomwe. Zimene mwauza loya wanu popempha malangizo ndi zachinsinsi, ndipo ndi bwino azimve kwa inu kusiyana n'kukazimvera kukhoti kwa loya wa mbali inayo.

Musanalipire kanthu, malipiro alembedwe: ndi zingati, ndi za ntchito iti, zolipira za kukhoti zili momwemo kapena ayi. Ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti la ofesi yake. Pa milandu ya chipukuta misozi, monga ya ngozi za pamsewu, ena amati adzatenga gawo lawo mukapambana. Gawolo lilembedwe musanayambe, ndipo ndalama zikatuluka mupemphe kuona pepala losonyeza zonse zimene zinaperekedwa, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadyeredwa. Ku South Africa lamulo la mu 1997 limati gawo lotere lisapitirire 25 pa 100 iliyonse.

Amene akudzitcha loyayo mumufufuze kaye ngati ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Kofunsa ndi ku mabungwe oyang'anira maloya: Malawi Law Society, Law Association of Zambia kapena Legal Practice Council ya ku South Africa, ndipo loya akakudyerani ndalama kapena kutaya mlandu wanu mwa ulesi, kodandaula ndi komweko. Mukafunsenso za pro bono, milandu imene maloya a payekha amagwira osalipiritsa. Mayunivesite ambiri ophunzitsa malamulo ali ndi maofesi kumene ophunzira amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, komanso kuli mabungwe oimira amayi, ana ndi akaidi. Za pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muzimva ndi khutu limodzi: wokulangizaniyo mwina akunena lamulo la dziko lina kapena limene linasinthidwa kale.

Yomaliza ndi ya agogo ena amene mdzukulu wawo ali pa limandi.

"Kundende kumabwera anthu otchedwa ma paralegal, ndipo ndi amene anamuthandiza kulemba pempho la belo. Kodi amenewa ndi maloya? Angamuimire tsiku la mlandu?"

Agogo, si maloya, koma ndi anthu ophunzitsidwa malamulo ndipo ntchito yawo ndi yovomerezeka. Ku Malawi a bungwe la ma paralegal lotchedwa PASI anayamba kulowa m'ndende mu 2000, ndipo chikalata chimene nthumwi za mayiko a mu Africa zinagwirizana ku Lilongwe mu 2004 chinalimbikitsa kuti anthu oterewa azigwiritsidwa ntchito poti maloya sakwanira. Amafotokozera mkaidi mmene mlandu umayendera, amamuthandiza kudzaza mafomu, amafufuza abale ndi omuimira pa belo, ndipo amakumbutsa khoti za amene akhalitsa pa limandi. Kumuyankhulira pamaso pa woweruza ndiye sangathe. Apempheni omwewo atumize dzina la mdzukulu wanu ku Legal Aid tsiku la mlandu lisanayandikire, ndipo inu muwapatse nambala ya foni imene mumapezeka nayo nthawi zonse.

Nthawi yatithera. Makalata a za chuma cha masiye tiwawerenga sabata yamawa.