Mawu sakuchoka ngakhale mukumwa mankhwala: chotsatira n'chiyani?

(Wolankhula wakhala pakhonde, chapatali kukumveka makombi)

Moni nonse a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Tafara ndi kulikonse kumene mukutionera. Lero tikamba za m'bale amene amamva mawu pomwe palibe amene akulankhula. Ena amamva mawu owanyoza, ena owalamula, ena amamva anthu awiri akuwajeda ngati ali kuseri kwa chitseko. Mapiritsi wamwa miyezi yambiri, mwina zaka, koma mawuwo adakalipo. Ndiye kunyumba ayamba kunong'onezana kuti, "Zachipatala zakanika, izi n'zakumudzi."

Choyamba, munthuyo sakunamizira. Ofufuza atajambula ubongo pa nthawi imene munthu akumva mawu, anapeza kuti mbali zoyendetsa kulankhula ndi kumva zikugwiradi ntchito. Kumuuza kuti "ukungoganiza" n'kumutsekera pakamwa, mawa sakuuzaninso.

Tsopano tiyeni pa mawu akuti "akanika". Dokotala sanena zimenezi msanga. Amafuna aone kuti mwayesa mitundu iwiri yosiyana ya mankhwala, uliwonse pa mlingo wokwanira, kwa masabata osachepera 6, mukumwa tsiku lililonse. Pa anthu atatu odwala schizophrenia, matenda a maganizo amene kawirikawiri amabweretsa mawuwa, pafupifupi mmodzi amafika pamenepa. Si tsoka la banja lanu lokha ayi.

Koma apa tiuzane zoona. Kodi mankhwalawo amamezedwadi? Chlorpromazine, ija timati CPZ, imagonetsa ndi kufooketsa. Haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi kunjenjemeretsa manja. Munthu akatopa nazo amabisa piritsi pansi pa lilime, mayi akatembenuka walavula. Ine sindimuweruza, koma adokotala ayenera kudziwa. Mwezi umene ndalama inasowa osagula mankhwala, nenaninso. Pali jekeseni wokhalitsa m'thupi, monga fluphenazine, amene amabayidwa kamodzi pakapita masabata angapo, ndipo kwa ena vuto limachepa pomwepo.

Palinso zinthu zimene zimalanda mphamvu ya mankhwala mwakachetechete. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, ndi carbamazepine wa khunyu, amachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ambiri a maganizo. Osasiya a TB, ingouzani adokotala kuti mukumwa zonse ziwiri. Chamba, mutoriro (mankhwala ozunguza bongo a crystal meth) ndi mowa zimadzutsa mawuwo ngakhale piritsi lili bwino. Kwa achikulire, makutu akayamba kugontha nawonso amatha kubweretsa mawu, choncho ayezedwe.

(Pa sikirini palembedwe: CLOZAPINE)

Zonsezi zikaunikidwa koma mawu osasintha, dzina loti mufunse ndi ili. Clozapine ndi mankhwala amene amathandiza anthu ambiri omwe mitundu ina inawakanika, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Mbiri yake ndi yokhotakhota. Mu 1975 anthu ena ku Finland anamwalira chifukwa mankhwalawa anachepetsa maselo oyera a m'magazi, aja otiteteza ku matenda, ndipo maiko ambiri anawaimitsa. Mu 1988 kafukufuku wotsogoleredwa ndi John Kane ku America anaonetsa kuti amaposa chlorpromazine pa odwala oterewa, ndiye anabwerera, koma ndi lamulo loti magazi aziyezedwa pafupipafupi. M'maiko ambiri ndi sabata iliyonse kwa masabata 18 oyambirira, kenako motalikirana.

Ndiye banja liwerengere bwino ndalama ya kombi ndi yoyezetsa magazi lisanayambe, chifukwa awa si mankhwala omwa modumphadumpha. Mukadumpha maola opitirira 48, simubwerera pa mlingo wakale, mumayambiranso pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Mankhwalawa amatulutsa dovu usiku, amanenepetsa, amadzimbiditsa, ndipo kudzimbidwa kwake si kosewera nako. Thupi likatentha, pakhosi pakachita zilonda kapena pachifuwa pakapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Osuta fodya, mvetserani: utsi wa fodya umatsitsa clozapine m'magazi, choncho mukasiya kusuta mwadzidzidzi mankhwalawo amachuluka m'magazi. Kusiya fodya n'kwabwino, koma adokotala adziwe. Ndipo musataye mtima mwezi woyamba, ena amaona kusintha pakatha miyezi ingapo.

Mapiritsi si okhawo. Pali uphungu wotchedwa CBT, womwe cholinga chake n'kuchepetsa mantha ndi mphamvu imene mawuwo ali nayo pa munthu, mpaka adziwe kuti akhoza kukana zimene akulamulidwa. Ku Netherlands, dokotala Marius Romme ndi Sandra Escher anayambitsa mu 1987 njira yoti omva mawu azikumana n'kumagawana nzeru, ndipo magulu otere anafalikira m'maiko ambiri. Zina mwa nzeruzo n'zaulere: kung'ung'udza nyimbo, kuwerenga mokweza, kuvala mahedifoni, kugona mokwanira. Palinso chithandizo cha maginito pamutu, rTMS, koma zotsatira zake n'zosakanikirana, ena chimawathandiza, ena ayi.

Za mapemphero, pempherani. Koma mneneri kapena sing'anga wokuuzani kuti tayani mapiritsi, kapena mangani wodwala ndi unyolo, ameneyo musamumvere. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumabweza matenda, kawirikawiri mwamphamvu.

Kuno ku Harare madokotala a matenda a maganizo amapezeka ku Annexe ya chipatala cha Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe Central Hospital, kuja timati ku Gomo. Yambirani ku kiliniki ya kwanu mutenge kalata. Inunso osamalira wodwala mukalemedwa ndi kuganiza kwambiri, kumene anzathu Achishona amati kufungisisa, agogo ophunzitsidwa uphungu a Friendship Bench, ntchito imene dokotala Dixon Chibanda anaiyambira ku Mbare, alipo kuti akumvereni.

Popita, nyamulani makhadi onse akale ndi mabotolo a mankhwala, ngakhale opanda kanthu. Lembani papepala dzina la mankhwala aliwonse, mlingo wake, nthawi imene anamwedwa ndi chifukwa chimene anasiyidwira. Pitani ndi munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati mawuwo akumulamula kuti adzivulaze kapena avulaze wina, musadikire tsiku lolembedwa pa khadi. Musamusiye yekha, pitani naye ku chipatala lero lomwe.