Mawu a M'mawa: Mngelo Anayamba ndi Mkate ndi Tulo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Tiwerenge 1 Mafumu 19:4-9.

Eliya, yemwe anali atangogonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, anakhala pansi pa mtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamukalipire kuti chikhulupiriro chachepa. Anamudzutsa, anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agonenso, n'kubwera kachiwiri. Mafunso anadza pambuyo, ali kale ku Horebu.

Katswiri wa zamaganizo amayambanso pomwepo. Amafunsa: mukugona? Mukudya? Zayamba liti? Munthu akatha masabata awiri ali khuma, osalakalaka chilichonse, tulo tikumuthawa, amenewo ndi matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika.

Vuto ndi loti thandizoli silifika kwa onse. Ife a mu Mzuzu tili ndi chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God pakhomo, koma mayi wa ku Chitipa amene akulira usiku uliwonse chiberekereni mwana alibe ya basi, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Wam'ndende, wachialubino amene amagona ndi mantha, agogo olankhula Chitumbuka chokha, onsewa amatsalira. N'chifukwa chake akatswiriwa amaphunzitsa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo, kuti woyamba kuona vuto akhale wapafupi.

Wapafupiyo mwina ndinu. M'bale akanena kuti "ndatopa nawo moyo", musamuyankhe ndi vesi msangamsanga. Khalani pansi, mumufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika ganizolo m'mutu. Akavomera, asatsale yekha. Chotsani m'nyumba chingwe ndi mankhwala a mbewu kapena a makoswe, mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Ambiri amagwa mphwayi pa mankhwala. Mapiritsi a matenda a kukhumudwa amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, asanayambe kumveka m'thupi. Wodwala amawasiya sabata yoyamba ati sakugwira, kapena wina amamuuza kuti ataye poti wapemphereredwa. Matenda amabwerera. Pempherani ndithu, koma osiyitsa mankhwala ndi adokotala okha. Za kumanga munthu ndi unyolo, ngakhale pa malo a mapemphero, ayi, zimenezo n'kuwonjezera bala.

Tipemphere. Ambuye, limbikitsani aphungu ndi anamwino amene akulowa ntchito m'mawa uno, ndipo amene sanagone usiku wathawu muwatumizire wowafunsa. Ameni.