Jane the Virgin: chimene chimakoka anthu, ndi bodza limene landitopetsa

Moni nonse amene mukuonera. Mtsikana wa zaka 23 yemwe sanagonepo ndi mwamuna akupita kuchipatala kukapimidwa, ndipo dokotala, amene tsiku limenelo maganizo ake ali kwina, akumuika mbewu ya mwamuna yomwe inayenera kuperekedwa kwa mayi wina. Mtsikanayo akutenga pathupi, ndipo mwini mbewuyo ndi mwini wa hotela imene iye amagwirako ntchito. Ngati mwaseka, musachoke, pakuti kusekako ndiko tikambirane lero.

Zoyambirira tizidutse mwachangu. Seweroli linaonetsedwa pa kanema wa The CW ku America kuyambira mu 2014 mpaka mu 2019, ndipo lili ndi zigawo 100. Jennie Snyder Urman analikonza kuchokera ku telenovela (sewero la pa kanema la zigawo zambiri, lodzaza chikondi ndi zodabwitsa, lotchuka ku Latin America) ya ku Venezuela ya mu 2002 yotchedwa Juana la virgen. Nkhani imachitikira ku Miami, ndipo Gina Rodriguez, amene amasewera ngati Jane, analandira mphotho ya Golden Globe mu 2015. Basi, tiyeni ku zifukwa zimene seweroli limakokera anthu.

Choyamba ndi chikondi cha anthu atatu. Jane ali pachibwenzi ndi wapolisi dzina lake Michael, koma mwana ali m'mimbamo ndi wa Rafael, ndipo olemba anaonetsetsa kuti pasakhale woipa pakati pa amuna awiriwa, kotero kuti woonera amasintha mbali kangapo. Ndilembereni m'munsimu kuti inu muli mbali ya ndani. Ine ndili kwa Michael, ndipo sindipepesa.

Chachiwiri ndi wofotokoza nkhani, Anthony Mendez, amene saoneka koma amalowerera paliponse. Amadabwa limodzi nanu, amakukumbutsani zimene mwaiwala, ndipo nthawi zina mawu amalembedwa pa sikirini kuulula zimene munthu akubisa.

Chachitatu ndicho chandichititsa kujambula vidiyoyi, choncho mundipirire. Pali anthu amene akangomva mawu akuti telenovela amakwinya nkhope, n'kumati zimenezo n'zachibwana, zotayitsa nthawi, zoonera anthu osowa chochita. Ambiri a inu amene mumaonera Telemundo pa DStv mwanenedwapo chomwechi m'nyumba mwanu momwe, kawirikawiri ndi munthu amene pakapita mphindi khumi amakhala ataima pakhomo n'kumafunsa kuti uja wamwalira ndi ndani. Bodza limeneli limandikwiyitsa chifukwa mbiri ikulitsutsa. Mu 1969 ku Peru kunaonetsedwa Simplemente María, nkhani ya mtsikana wakumudzi amene anapita ku Lima kukagwira ntchito ya m'nyumba, n'kumaphunzira kuwerenga madzulo komanso kusoka pa makina a Singer mpaka anatukuka. Atsikana ambiri antchito za m'nyumba amene ankaonera anayamba kulembetsa sukulu za kwacha ndi maphunziro osoka. Miguel Sabido wa ku Mexico ataona zimenezi anakonza dala masewero ophunzitsa: Ven conmigo mu 1975 yolimbikitsa akuluakulu kuphunzira kuwerenga, ndi Acompáñame mu 1977 yonena za kulera. Kodi chinthu chachibwana chingatumize munthu wamkulu kusukulu?

Tsopano onani mmene Jane the Virgin imachitira. Zodabwitsa zonse za telenovela zilimo: mapasa obisika, chigawenga chosintha nkhope chotchedwa Sin Rostro, ndiponso bambo ake a Jane, Rogelio de la Vega, amene ndi katswiri wa matelenovela wodzikonda mosaneneka. Olemba amadziwa bwino lomwe kuti zimenezi n'zokokomeza, ndipo amaseka nanu. Koma chodabwitsacho chikangochitika, anthu a m'nkhanimo amachilandira monga mmene munthu weniweni angachitire. Agogo ake a Jane, a Alba, amene amalankhula Chisipanishi pamene mdzukulu wawo amawayankha m'Chingerezi, akhala ku America zaka zambiri opanda zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo. Atagonekedwa m'chipatala ali chikomokere, banja linauzidwa kuti akhoza kubwezedwa kwawo ku Venezuela, ndipo pa sikirini panalembedwa mawu ouza woonera kuti izi zimachitikadi, akafufuze yekha. Mayi ake a Jane, a Xiomara, anadwala khansa ya m'mawere, ndipo seweroli silinathamangire kuwachiritsa m'chigawo chimodzi. Amene simunamalize kuonera, tsekani makutu masekondi khumi. Michael atamwalira, nkhani inadumpha zaka zitatu, komabe chisoni cha Jane chinali chikadalipo. Ndipo atabwereranso ali moyo koma ataiwala zonse, monga telenovela imafunira, funso limene olemba analimbana nalo linali lakuti mkazi amene analira maliro n'kuyambanso moyo wina achite chiyani tsopano. Tsegulani makutu. Kodi mukuonabe zachibwana pamenepa?

Ndisanaiwale, ngati mwafika pano, dinani batani la subscribe ndi kabelu kali pambali pake, chifukwa n'zimene zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Chachinayi n'chachifupi. Telenovela imatha. Sili ngati General Hospital, sewero la pa kanema la ku America, imene inayamba mu 1963 ndipo ikupitirirabe. Woonera amalowa akudziwa kuti kutsogolo kuli ukwati kapena chilango, ndipo Jane the Virgin inasunga mwambo umenewu, mpaka kuulula m'chigawo chomaliza kuti wofotokoza nkhani uja ndi ndani. Dzina lake sindikuuzani.

Sabata yamawa tikambirana za Yo soy Betty, la fea ya ku Colombia, imene inayamba mu 1999 ndipo ndiyo inabala Ugly Betty. Amene muli mbali ya Rafael, ndikudikira zifukwa zanu m'munsimu.