Mwana wadzuka kuchipatala, mayi ake sakuwadziwa

Omvera athu kuno ku Joni, makalata abwera ambiri sabata ino, koma imodzi yandisowetsa tulo. Alemba ndi mayi a ku Rosettenville, kwawo ku Mangochi. Mwana wawo wa zaka 3 anamuchita opaleshoni yaing'ono ya pakhosi. Podzuka anayamba kukuwa, kuponya miyendo, mpaka kuzula diripi, maso ali tong'o koma mayi ake osawazindikira. Apongozi kumudzi akuti amulodza, atumize ndalama za kwa sing'anga. Mayiwa akufunsa: "Kodi mwana wanga wazungulira mutu?"

Pepani mayi. Kukankhidwa ndi mwana amene munamuyamwitsa nokha n'kowawa. Koma mtima pansi, madokotala amazidziwa izi, amazitcha emergence delirium, kutanthauza kusokonezeka mutu podzuka ku mankhwala ogonetsa. Mpweya wogonetsa wa sevoflurane umachoka msanga m'thupi, ndiye thupi limadzuka mutu ukadali kutulo. Kawirikawiri zimatha pasanakwane mphindi 30. Ndalama zimenezo mugulireni mwanayo yogati, pakhosipo pazizire.

Zimatheka kudziwiratu mwana amene zingamuchitikire. Zimakonda ana a zaka 2 mpaka 5, makamaka pa opaleshoni ya pakhosi, m'khutu kapena m'maso, komanso mwana amene walowa m'chipinda cha opaleshoni ali njenjenje ndi mantha. Apa ndiye ndikudzudzuleni pang'ono makolo, chifukwa kalatayi ndi yachitatu ya mtundu umenewu. Mwana akangotaya ndiwo pansi, ife: "Ndikakubayitsa jakisoni kwa adokotala!" Tsiku la chipatala likafika tikufuna alowe akuseka? Muuzeni zoona m'mawu ake, kuti akagona pang'ono ndipo podzuka akakupezani pambali pake. Atenge chidole chake. Dokotala wogonetsa muuzeni ngati mwanayo ndi wamantha kapena zinamuchitikirapo kale, ali ndi mankhwala monga propofol ndi dexmedetomidine ochepetsa vutoli. Ndipo mwana amene akulira ndi ululu amakuyang'anani m'maso, mukamunyamula amayamba kutonthola. Zimenezo muwauze anamwino, zimawathandiza kusiyanitsa ululu ndi vuto la podzukali.

Bambo a ku Diepsloot, mwafunsa ngati mwana angadye phala m'mawa wa opaleshoni: ayi, musamupatse ngakhale alire bwanji. Chakudya amasiya maola 6 asanalowe, za madzi tsatirani zimene akuuzani kuchipatala.

Achimwene a ku Mayfair, moni wanu wa ku Dedza wafika, koma mayi anu muziwaimbira nokha foni.